Njinga yamoto

Njinga yamoto ndi chokwera cha matayala awiri chomwe chimayenda ndi mphamvu ya injini. Anthu ena amaitchula kuti mthuthuthu potengera kulira kwa injini yake. Dzina lakuti njinga yamoto limaisiyanitsa ndi njinga yakapalasa, yomwe imayenda ndi mphamvu ya miyendo ya munthu. Njinga zamoto zambiri zimayendera petulo, koma masiku ano kwabweranso zina zoyendera batire. M'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia njinga yamoto ndi chida chogwirira ntchito: imanyamula anthu, katundu wa malonda, mbewu ndi odwala, ndipo imafika kumalo komwe galimoto silingafike. Mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi wa galimoto ndipo simwa mafuta ambiri, koma imafuna chisamaliro pafupipafupi, komanso woyendetsa wake alibe chomutchinga ngozi ikachitika.

Mbiri

Njinga yoyamba yoyendera injini ya petulo inapangidwa ku Germany mu 1885 ndi Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach. Inkatchedwa Reitwagen, thupi lake linali lamatabwa, ndipo inali ndi timawilo tiwiri m'mbali toithandiza kuti isagwe. Mu 1894 kampani ya Hildebrand & Wolfmüller ya mumzinda wa Munich inakhala yoyamba kupanga njinga zamoto zambiri zogulitsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunabwera makampani ena monga Triumph ya ku Britain, yomwe inatulutsa njinga yake yoyamba mu 1902, ndi Harley-Davidson ya ku Milwaukee m'dziko la America, yomwe inayamba mu 1903.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, makampani a ku Japan anasintha msika wonse. Soichiro Honda anakhazikitsa kampani ya Honda mu 1948, ndipo mu 1958 kampaniyi inatulutsa njinga yaing'ono yotchedwa Super Cub. Pofika mu 2017 njinga za mtunduwu zinali zitapangidwa zoposa 100 miliyoni, chiwerengero chomwe palibe chokwera china cha injini chinafikapo.

Njinga ina yofunika m'mbiri ndi Honda CG125, yomwe inatuluka pakati pa zaka za m'ma 1970. Akatswiri a kampaniyi atayendera mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia anaona kuti anthu ankasenzetsa njinga katundu wolemera, ankachedwa kusintha oyilo, ndipo ankapita kwa makaniko pokhapokha njinga ikafa. Choncho anapanga injini yosavuta, yopirira nkhanza zoterezi. Makampani ambiri a ku China anatengera kapangidwe ka injiniyi, n'chifukwa chake njinga zambiri zotsika mtengo zomwe zili m'misewu ya mu Africa zili ndi injini zofanana, ndipo masipeya a ina amatha kulowa pa inzake. Lero njinga zochuluka zogwirira ntchito mu Africa zimachokera ku India, kumakampani monga Bajaj ndi TVS, komanso ku China, kumakampani monga Lifan ndi Haojue.

Mmene imagwirira ntchito

Mkati mwa injini muli silinda, momwe pisitoni imayenda chokwera ndi chotsika. Petulo amasakanizidwa ndi mpweya mu kabuleta, kapena amapoperedwa ndi kachipangizo kamagetsi pa njinga zamakono, n'kulowa mu silinda. Pulagi imathethetsa moto, petuloyo amayaka n'kukankha pisitoni, ndipo mphamvu yakeyo imadutsa mu kilatchi ndi m'magiya, kenako tcheni chimaipereka ku tayala lakumbuyo.

Injini zilipo za mitundu iwiri. Ya four-stroke imamaliza ntchito yake m'masitepe anayi: kukoka mpweya ndi petulo, kupanikiza, kuyaka, ndi kutulutsa utsi. Oyilo wake amakhala payekha pansi pa injini. Ya two-stroke imamaliza zonsezi m'masitepe awiri ndipo imawotcha oyilo wapadera, wotchedwa 2T, pamodzi ndi petulo. Injini yotereyi ndi yopepuka komanso yamphamvu poyerekeza ndi kukula kwake, koma imafuka utsi ndiponso imamwa mafuta ambiri. Njinga zambiri zatsopano ndi za four-stroke.

Kukula kwa injini kumayezedwa ndi cc, omwe ndi muyeso wa malo omwe pisitoni imasesa mu silinda. Ma cc 1000 ndi ofanana ndi lita imodzi. Njinga zogwirira ntchito za tsiku ndi tsiku zimakhala za 100cc, 125cc kapena 150cc, ndipo zambiri zili ndi silinda imodzi yomwe imazizira ndi mphepo basi. Ichi n'chifukwa chake injini yotere imatentha kwambiri ikamalira nthawi yaitali njinga itangoima, kapena matope akamata pazipsepse zake zachitsulo.

Mitundu

Njinga za m'tauni ndi zonyamulira anthu, monga Bajaj Boxer ndi TVS HLX, zili ndi chishalo chachitali chokwana anthu awiri, kaliyala wolimba, ndipo sizimwa mafuta ambiri. Njinga za m'misewu yafumbi, monga Yamaha DT125, Yamaha AG200 ndi Honda XL125, ndi zazitali, zili ndi matayala a mano akuluakulu ndi mashoko otalika. Izi ndi zomwe alangizi a zaulimi, ogwira ntchito zaumoyo ndi mabungwe akhala akugwiritsa ntchito kumidzi. Masikuta ali ndi matayala ang'onoang'ono ndipo ambiri amasintha okha magiya; ndi osavuta kuyendetsa pa tala koma amavutika m'maenje ndi mumchenga. Palinso njinga zikuluzikulu za liwiro ndi za maulendo ataliatali, za injini zoyambira 600cc kupita m'mwamba, zomwe ndi zodula kugula ndi kukonzetsa. Njinga za matayala atatu zokhala ndi ngolo kumbuyo zimagwira ntchito yonyamula katundu.

Kabaza

Ku Malawi mawu akuti kabaza poyamba ankanena za njinga zakapalasa zonyamula anthu, koma tsopano akugwiritsidwanso ntchito ponena za njinga zamoto, zomwe zachuluka m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba komanso m'misika ya kumidzi. Ntchito yomweyi ku Uganda ndi ku Kenya imatchedwa boda boda, ndipo ku Nigeria imatchedwa okada.

Oyendetsa kabaza ambiri si eni ake a njinga. Nthawi zambiri mwini njinga amagwirizana ndi woyendetsa kuti azipereka ndalama yakutiyakuti pa tsiku kapena pa sabata, yotsalayo n'kukhala yake. Pamgwirizano wina, woyendetsa akapereka ndalama mosadumphitsa kwa nthawi yomwe anapangana, njingayo imakhala yake. Mikangano imabuka kawirikawiri ngati awiriwa sanamvane poyamba za amene azigula oyilo, matayala ndi masipeya. Njinga ya kabaza imayenda mtunda wautali tsiku lililonse, choncho ikasowa woisamala imatha msanga, ndipo onse awiri amaluza.

Kusankha njinga

Funso loyamba kwa wogula ndi la ntchito yomwe njingayo ikagwire ndi misewu yomwe izikayenda. Munthu wopita kuntchito m'tauni angakhutire ndi ya 100cc kapena 125cc. Wonyamula anthu ndi matumba m'madera a zitunda, monga a ku Ntcheu, Thyolo kapena Rumphi, amathandizidwa ndi ya 150cc, ngakhale kuti imamwa mafuta ochulukirapo. Njinga iyeneranso kugwirizana ndi msinkhu wa woyendetsa. Akakhala pachishalo mapazi ake azifika pansi, ndipo azitha kuidzutsa yekha ikagwa.

Chachiwiri ndi masipeya ndi amakaniko. Njinga yabwino yomwe masipeya ake sapezeka pafupi imatha kukhala miyezi ili m'khonde chifukwa cha kachitsulo kamodzi. Ogula odziwa amayamba afunsa m'mashopu a masipeya a pamsika wawo mitengo ya tcheni, masipuloketi, mabuleki ndi pisitoni ya njinga yomwe akufuna, asanapereke ndalama.

Njinga yatsopano imabwera ndi buku la malangizo ndipo ogulitsa ena amalonjeza kuikonza ulere kwa nthawi yoikika. Yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yotsika mtengo koma imafuna kuiyendera mosamala. Zinthu zomwe wogula amayang'ana ndi izi:

Injini ailize ili yozizira. Injini yotopa imavuta kulira m'mawa koma imalira msanga ikatenthedwa kale, choncho wogula ayambe waikhudza.

Utsi wobiriwira ngati mtambo pa injini ya four-stroke umasonyeza kuti oyilo akupsa, zomwe zimachitika maring'i a pisitoni akatha. Utsi wakuda umasonyeza kuti petulo akulowa wambiri.

Oyilo akamatuluka m'mbali mwa injini kapena pamashoko akutsogolo, ndiye kuti malabala otsekera atha.

Thupi la njinga lisakhale lopindika kapena lowotcherera, makamaka pakhosi pomwe pamalowa mahandulo. Matayala onse awiri aziyenda mumzere umodzi.

Mano a masipuloketi asakhale osongoka kapena opindikira mbali imodzi.

Nambala zosindikizidwa pathupi la njinga ndi pa injini zifanane ndi zomwe zalembedwa m'mapepala. Nambala yokandidwa kapena yokhomedwanso ndi chizindikiro chakuti njingayo ingakhale yobedwa.

Mapepala ndi malamulo

Ku Malawi ntchito yolembetsa zokwera ndi kupereka ziphaso zoyendetsera ili m'manja mwa nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Chiphaso cha gulu la A1 ndi cha njinga za injini zosapitirira 125cc, ndipo cha gulu la A ndi cha njinga zazikulu kuposa pamenepo. Njinga yoyenda pamsewu iyenera kukhala yolembetsedwa, yokhala ndi nambala, komanso ya inshuwalansi yolipira anthu ena omwe angavulazidwe kapena kuonongeredwa katundu pangozi. Njinga yogulidwa kunja kwa dziko imafuna mapepala a msonkho ochokera ku Malawi Revenue Authority isanalembetsedwe. Wogula njinga kwa mnzake ayenera kusintha dzina la mwini m'mapepala, apo ayi pamaso pa lamulo njingayo imakhalabe ya mwini wake woyamba. Njinga yopanda mapepala ingaoneke yotchipa pogula, koma ikagwidwa ndi apolisi kapena ikabedwa, mwini wake amasowa umboni woitengeranso.

Kusamalira

Oyilo ndiye moyo wa injini. Njinga zambiri zazing'ono zimalowa oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo oyilo yemweyo amafewetsa injini, magiya ndi kilatchi, komanso amathandiza kuziziritsa. Pachifukwachi amatha mphamvu msanga kusiyana ndi wa m'galimoto. Nthawi yosinthira imalembedwa m'buku la njinga iliyonse, koma njinga yoyenda m'fumbi kapena yonyamula katundu wolemera imafuna kusinthidwa oyilo nthawiyo isanakwane. Oyilo woyenera ndi wopangidwira njinga zamoto, yemwe pachigubu chake pamalembedwa JASO MA. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera kwambiri omwe amachititsa kilatchi kuterereka. Poyeza kuchuluka kwa oyilo njinga iime mowongoka pamalo athyathyathya. Njinga yatsopano imayendetsedwa mofatsa pamakilomita 500 mpaka 1000 oyambirira, kenako oyilo woyamba amakhuthulidwa chifukwa amakhala ndi tizitsulo topalika mkati mwa injini.

Sefa ya mpweya imatchinga fumbi kuti lisalowe mu silinda. M'miyezi ya chilimwe, pomwe misewu imakhala ya fumbi, sefayi imadzaza msanga. Yasiponji imachapidwa, kuumitsidwa, n'kupakidwa oyilo pang'ono. Yapepala sichapidwa koma imasinthidwa. Kuyenda popanda sefa kumatha injini m'kanthawi kochepa chifukwa fumbi limapala silinda ngati mchenga.

Tcheni chimafuna kutsukidwa ndi parafini ndi kuthiridwa mafuta pakatha makilomita pafupifupi 500, komanso nthawi iliyonse njinga ikayenda m'matope kapena m'madzi. Pa njinga zambiri za m'tauni chiyenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30 chikakankhidwa ndi chala pakati pake. Chothina kwambiri chimaononga mabeyaring'i ndipo chimatha kuduka. Cholenda chimatha kuvuka n'kumanga tayala lakumbuyo njinga ili pa liwiro. Tcheni ndi masipuloketi onse awiri zimasinthidwa pamodzi, chifukwa sipuloketi yakutha imadya tcheni chatsopano.

Matayala amayezedwa mpweya ali ozizira. Muyeso wake umalembedwa m'buku kapena pakapepala komatidwa panjinga, ndipo tayala lakumbuyo limafuna mpweya wowonjezera pakakhala wokwera wachiwiri. Tayala lofewa limawonjezera mafuta omwe njinga imamwa, limatentha, ndipo limatsina chubu likagunda dzenje. Tayala lomwe mano ake atha limaterereka pa tala wonyowa, makamaka mvula yoyamba ikagwa pamsewu womwe pakhala pakudonthera mafuta. M'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Mwachitsanzo 2322 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Masipokosi olenda amamangidwa msanga asanapinditse limu.

Mabuleki alipo a mitundu iwiri: a dilamu, omwe amakokedwa ndi waya kapena kandodo kachitsulo, ndi a disiki, omwe amagwira ntchito ndi mafuta a mabuleki. A dilamu amafuna kumangidwa pamene akutha, ndipo mafuta a mabuleki a disiki amasinthidwa pakatha zaka ziwiri chifukwa amayamwa chinyezi. Buleki yakutsogolo ndi yomwe ili ndi mphamvu yaikulu yoimitsa njinga, popeza kulemera konse kumathamangira kutsogolo pomanga. Woyendetsa amene amadalira yakumbuyo yokha amafuna mtunda wautali kuti aime.

Pulagi imaonetsa thanzi la injini. Nsonga yake ikakhala yofiirira pang'ono, zinthu zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo akuchuluka kapena sefa yatsekeka. Ikayera mbuu, petulo akuchepa ndipo injini ikutentha mopitirira. Batire la njinga zambiri ndi la mavoti 12. La mtundu wothira madzi limawonjezeredwa madzi a batire okha, osati a pampopi kapena asidi.

Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito yomwe inayamba mu 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa. Ethanol amakoka chinyezi, choncho njinga ikakhala miyezi yosayenda, madzi amatha kudikha pansi pa thanki n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo timabowo ta mu kabuleta timatsekeka. Njinga yomwe ikhale nthawi yaitali osayenda imatsekedwa kampopi ka petulo n'kukhuthulidwa kabuleta. Petulo wogulidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi zinyalala, madzi kapena parafini, ndipo ndi bwino kumusefa pothira.

Mavuto ofala

Njinga ikakana kulira, makaniko amayang'ana zinthu zitatu motsatana: ngati petulo akufika mu kabuleta, ngati pulagi ikupereka moto, ndiponso ngati injini ikupanikiza mpweya mokwanira. Nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono, monga kampopi kotsekedwa, pulagi yakuda kapena fyuzi yopsa. Injini ikamalira mokweza koma liwiro osawonjezeka, kilatchi ikuterereka. Kaphokoso kogogoda kumutu kwa injini kawirikawiri kamachokera kumatapeti ofunika kuwasetanso. Mahandulo akamagwedezeka pa liwiro, choyambitsa chimakhala tayala lofewa, limu lopindika kapena mabeyaring'i a pakhosi otha. Njinga za silinda imodzi zimanjenjemera, choncho mabawuti amamasuka okha ndipo amafuna kumangidwa nthawi ndi nthawi.

Ndalama zoyendetsera

Mtengo wogulira ndi gawo chabe la ndalama zomwe njinga imadya. Njinga ya 100cc kapena 125cc yosamalidwa bwino imatha kuyenda makilomita 40 kapena kuposerapo pa lita imodzi ya petulo, yemwe mtengo wake ku Malawi umakhazikitsidwa ndi bungwe la Malawi Energy Regulatory Authority. Kupatula mafuta, mwini njinga amalipira oyilo, matayala, tcheni, mabuleki, inshuwalansi ndi amakaniko. Masipeya achinyengo ndi otchipa koma satha nthawi, ndipo ena, monga mabuleki ndi matayala, amaika moyo pachiswe. Eni njinga za kabaza omwe amapatula kangachepe tsiku lililonse kuti kadzathandize pa sevisi savutika njinga ikafuna kukonzedwa. Kuba njinga n'kofalanso, choncho ambiri amazimanga ndi loko, kuzigoneka m'nyumba, kapena kuziika kachipangizo kolondolera komwe zili.

Chitetezo

Ngozi za njinga zamoto zimavulaza kwambiri mutu ndi miyendo. Kufunika kwa chisoti choteteza mutu kunayamba kufufuzidwa mozama msilikali wa ku Britain T. E. Lawrence atamwalira pangozi ya njinga yamoto mu 1935. Mmodzi mwa madokotala omwe anamuthandiza, Hugh Cairns, anachita kafukufuku yemwe anachititsa kuti asilikali a dzikolo oyenda panjinga azivala zisoti. Kafukufuku wa gulu la Cochrane wa mu 2008 anapeza kuti chisoti chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 peresenti. Chisoti chimateteza pokhapokha chikakhala chokwana bwino m'mutu ndiponso lamba wake atamangidwa pachibwano. Zisoti zoyesedwa zimakhala ndi chizindikiro monga ECE kapena DOT. Zipewa za ogwira ntchito zomangamanga sizinapangidwire ngozi za pamsewu, ndipo chisoti chomwe chinamenyetsedwapo mwamphamvu chimayenera kusinthidwa ngakhale chisakuoneka kung'aluka.

Zina zomwe zimabweretsa ngozi ndi kuthamanga, kuledzera, kupitirira galimoto mbali ya kumanzere, kuyenda usiku popanda nyali, ndi kunyamula anthu oposa mmodzi. Katundu wochuluka kumbuyo amapepukitsa tayala lakutsogolo, njinga n'kuvuta kukhotetsa, komanso amatalikitsa mtunda woimira. Nsapato zotseka, jekete lokhuthala, magolovesi ndi chovala chowala zimachepetsa mabala ndiponso zimathandiza kuti madalaivala a magalimoto aone woyendetsa njinga ali patali.

Njinga zoyendera magetsi

Njinga zoyendera batire zilibe pisitoni, pulagi, kabuleta kapena oyilo wa injini, choncho zinthu zofuna kukonza ndi zochepa, ngakhale kuti matayala, mabuleki ndi tcheni zimafunabe chisamaliro. Makampani monga Ampersand ya ku Rwanda ndi Roam ya ku Kenya akupanga njinga zotere zogwirira ntchito yonyamula anthu. Ku Kigali oyendetsa amasiya batire lotha moto pamalo osinthira n'kutenga lodzaza m'mphindi zochepa, m'malo modikira kuti litchajidwe. Batire ndilo gawo lodula kwambiri pa njinga zamtunduwu, ndipo kufala kwake kumadalira kupezeka kwa magetsi odalirika ndi malo osinthira mabatire.